Kodi m'labotale amawerenga bwanji DNA imene siioneka ndi maso?

Anthu ambiri a mu bairro la Francisco Manyanga mumzinda wa Tete, komanso abale awo ochokera ku Angónia, Tsangano ndi Macanga, anaperekapo magazi kapena makhololo kuchipatala. Koma ndi ochepa amene amadziwa zimene makina amafufuza mmenemo.

Chamoyo chilichonse, kaya munthu, chimanga kapena kachilombo ka TB, chili ndi DNA, imene m'Chipwitikizi amati ADN. DNA ya chamoyo chimodzi imasiyana ndi ya chinzake, ndipo n'chifukwa chake imathandiza kuzindikira kachilombo.

Vuto ndi kuchepa kwake. Njira yofala, yotchedwa PCR, imachulukitsa kachidutswa ka DNA kambirimbiri mpaka makina akazindikire. Umu ndi mmene makina a GeneXpert, omwe bungwe la OMS linavomereza mu 2010, amapezera TB m'makhololo pa maola awiri okha. Kuyeza carga viral nako kumadalira PCR, ngakhale kuti apo amawerenga RNA, m'bale wake wa DNA. Chiwerengero chikatsika pansi pa 1,000 pa mililita imodzi ya magazi, ndiye kuti mankhwala a HIV akugwira ntchito.

Ofufuza ali ndi njira inanso, yofanana ndi zimene mlimi amachita pogulitsa nyemba: sawerenga imodzimodzi, amaziika pa sikelo. Amakonza kachingwe kakafupi ka DNA kamene kamagwira DNA yokhayo imene akuifuna, n'kumangirirako kachidutswa ka chitsulo monga golide kapena europium. Akatsuka zotsala, amapopera madziwo m'makina otchedwa ICP-MS. Mmenemo muli mpweya wa argon wotentha madigiri oposa 5,000, umene umaphwanya zonse kukhala maatomu. Makinawo amasiyanitsa maatomu malinga ndi kulemera kwake, n'kuwerenga a chitsulo chija. Chitsulo chikachuluka, ndiye kuti DNA inali yambiri.

Amasankha zitsulo zimene sizipezeka kawirikawiri m'thupi kuti chiwerengero chisasokonezeke. Zitsulo zosiyana zimatheketsanso kuyeza mitundu ingapo ya DNA nthawi imodzi.

Makinawa ndi odula, amafuna magetsi osadukaduka ndiponso argon wambiri, choncho njirayi ikadali ya kafukufuku. M'zipatala, PCR ndiyo ikugwira ntchito lero. Koma makina sangapeze kanthu ngati munthu sanapite kukayezetsa. Amene wakhala akutsokomola kwa milungu iwiri asadikire kuti ayambe wakolola.