Zimene mmisiri wa besi amafunsa asanadule thabwa

Anthu ambiri amene amafika pa shedi yanga pano pa boma la Mzimba kudzafuna gitala ya besi amabwera ndi chithunzi m'foni. Kawirikawiri amakhala atawatumizira achimwene awo a ku Joni pa WhatsApp: besi yonyezimira, ya nsambo zisanu kapena zisanu ndi imodzi, mabatani ali ndandanda. "Adada, mutipangire yotere." Chithunzicho ndimachiyang'ana ndithu, chifukwa chimandiuza zimene mtima wa munthuyo ukufuna. Koma ndikatha ndimamupempha kuti atambasule dzanja lake lamanzere ndiliyeze, ndipo ndimamufunsa kuti amaimbira kuti, amaimba ndi ndani, ndipo amaimirira nthawi yaitali bwanji. Mayankho a mafunso amenewa ndi amene amajambula chidacho.

Ndiyambe ndi dzanjalo. Muyeso woyamba pa besi iliyonse ndi kutalika kwa gawo la nsambo limene limanjenjemera, kuchokera pa nati, kumutu kuja, kukafika pa buliji. Leo Fender atatulutsa Precision Bass ku California mu 1951 anasankha mainchi 34, omwe ndi mamilimita 864, ndipo mpaka lero mabesi ochuluka amatsata muyeso umenewu. Malo a mafureti, timizere tachitsulo ta pakhosi tija, onse amachokera pa nambala imeneyi. Palibe matsenga, ndi masamu a kusukulu. Mumagawa 864 ndi 17.817, n'kupeza mamilimita 48.5: pamenepo ndi pa fureti yoyamba. Zotsalazo mumazigawanso ndi 17.817, n'kupeza yachiwiri, choncho mpaka kumapeto. Fureti ya 12 iyenera kugwera pakatikati penipeni, pa mamilimita 432. Mukaphonya ndi theka la milimita kumunsi kwa khosi, kumene mafureti ali othinana, woimba kiyibodi amayamba kutembenuka kuyang'ana wa besi.

Tsono pa muyeso wa Fender, kuchoka pa fureti yoyamba kufika pa yachinayi pali pafupifupi masentimita 13. Bambo wa zala zazitali sazimva n'komwe. Mtsikana wa m'kwaya ya achinyamata, kapena mnyamata wa zaka 14 amene wangoyamba kumene, amavutika, ndipo ambiri amasiya poganiza kuti alibe mphatso pamene vuto ndi muyeso. Pali besi yaifupi ya mainchi 30, ngati Höfner imene Paul McCartney anatchuka nayo, ndipo pa imeneyo mtunda womwe uja umatsika kufika pa masentimita 11 ndi theka. Ndimaikonda, koma sindithamangira kuipangira munthu. Nsambo zake zimakhala zofewerapo, mawu ake ndi onenepa koma osathwa, ndipo chachikulu n'chakuti nsambo za muyeso umenewu n'zosowa. Munthu wa ku Khosolo kapena ku Mabilabo nsambo ikamudukira Loweruka madzulo, sangadikire kuti wina aitanitse kunja. Zimenezi timakambirana poyera, iye n'kusankha akudziwa.

Ena amaganiza kuti kufunsa woimba ndi chizindikiro choti mmisiri sakudziwa ntchito. Mbiri ya chidachi imanena zina. Besi ya nsambo zisanu ndi imodzi imene tikuidziwa lero inayamba ndi woimba, Anthony Jackson, amene anapita kwa mmisiri Carl Thompson ku New York chapakati pa zaka za m'ma 1970 n'kuumirira kuti amupangire chinthu chimene chinali m'mutu mwake mokha. Jaco Pastorius anazula mafureti pa Jazz Bass yake kuti mawu azitsetsereka, ndipo besi yopanda mafureti ndi imene Bakithi Kumalo wa ku South Africa anaimba mu chimbale cha Graceland mu 1986. Kwathu kuno umboni ndiye wosachita kufuna. Abale a Kachamba, Daniel ndi Donald a ku Chileka, gulu lawo la kwela linkagwiritsa ntchito besi ya chingwe chimodzi yomangidwa pa bokosi. Gasper Nali wa ku Nkhata Bay amaimba babatoni yotalika pafupifupi mamita atatu, ya waya umodzi ndi ng'oma ya chikopa cha ng'ombe, akumenya ndi kamtengo uku akutsetsereka ndi botolo. Yobu Maligwa wa Madalitso Band anachoka ndi babatoni m'misewu ya Lilongwe n'kukaiimba ku Sauti za Busara ku Zanzibar mu 2017, kenako ku Ulaya. Pa zida zimenezi wopanga ndi woimba nthawi zambiri amakhala munthu mmodzi, ndiye chida chimakula motsatira thupi lake ndi nyimbo zake. Pa besi yamagetsi anthuwo ndi awiri, ndipo ntchito yanga yaikulu ndi kutseka mpata umene uli pakati pawo.

Apa ndi pamene pali luso limene silioneka. Woimba amadziwa bwino kwambiri chimene chikumupweteka, koma mankhwala amene amatchula si nthawi zonse amakhala olondola. Zili ngati wodwala akauza adokotala kuti mutu ukupweteka: ululuwo ndi woona, koma gwero lake likhoza kukhala pena.

Wina amati, "Besi yathu imalemera, phewa limachita dzanzi." Ndikaiika pa sikelo ndimapeza makilogalamu anayi, omwe ndi mulingo wamba. Chimene chikuchitika n'chakuti mutu wa gitala ukugwera pansi, ndiye dzanja lamanzere likugwira ntchito ziwiri, kuimba ndi kunyamula khosi. Mapemphero a maola atatu, kapena ukwati woyamba m'mawa mpaka dzuwa kulowa, munthu amaweruka ali wofooka. Kuchepetsa thupi la gitala kukhoza kungoonjezera vutolo. Chofunika ndi kutalikitsa nyanga yam'mwamba, pomangirira lamba paja, kuti ifike molunjika fureti ya 12, ndi kuika makiyi opepuka kumutu.

Wina amati, "Besi siikumveka, tikufuna yogunda kwambiri, ya nsambo zisanu." Apa ndimapempha kuti ndikamve gulu lonse likuyeserera, kaya ndi ku Embangweni, ku Manyamula kapena ku Jenda. Nsambo yaikulu ya besi wamba, ya E, imanjenjemera ka 41 pa sekondi. Yachisanu ija, ya B, imanjenjemera ka 31. Masipika amene matchalitchi ambiri ali nawo, omwenso akunyamula kiyibodi ndi mamaikolofoni onse, mawu otsika chonchi sangawatulutse. Amangopuma mpweya, mwinanso kung'ambika. Kuonjezera apo, tchalitchi cha njerwa, simenti pansi, malata opanda siling'i pamwamba, chimabweza mawu otsika mpaka onse amasanduka mkokomo umodzi. Chimene khutu limagwira kuti lizindikire noti ya besi ndi mawu apakati amene amakwera pamwamba pa noti yeniyeniyo. Ndiye kwa gulu lotere ndimasendeza pickup kufupi ndi buliji, kumene nsambo imapereka mawu othwa, ndipo besi imayamba kumveka popanda kukweza voliyumu. Pickup, kwa amene simunaione mkati, ndi maginito okulungidwa ndi waya wa kopa wopyapyala ngati tsitsi, wozungulira kambirimbiri. Nsambo yachitsulo ikanjenjemera pamwamba pake imadzutsa kamphamvu kamagetsi kamene ampu imakuza.

Komabe pali chifukwa chimodzi cha nsambo yachisanu chimene sinditsutsa. Makwaya athu amakonda kuimba m'makiyi ngati E flat, chifukwa woimba kiyibodi amatsata pamene mawu a amayi akhazikika bwino. Pa besi ya nsambo zinayi noti imeneyo kumunsi kulibe, ndipo woimba amakakamizika kukwera m'mwamba pamene nyimbo ikufuna maziko. Munthu akandiuza zimenezi ndimadziwa kuti pempho lake lachokera mu nyimbo, ndipo ndimamupangira, bola avomereze kuti khosi likhala lotambalala ndipo paketi ya nsambo izimudyera ndalama zambiri.

Za mabatani ambiri aja ndimakana kawirikawiri. Mabesi otero amakhala ndi kaampu kakang'ono mkati kodalira batire la mavolti 9. Music Man StingRay ya mu 1976 ndi imene inatchukitsa kapangidwe kameneka. Ndi abwino m'studio. Koma batire likatha pakati pa msonkhano wachitsitsimutso kumudzi, besi imayamba kukhosomola kenako zii. Ine ndimakonda batani limodzi la voliyumu ndi lina la toni. Ndipo popeza magetsi a ESCOM akathima timadalira jenereta kapena sola yokhala ndi invata, nthawi zambiri popanda waya wa ethi, kulira kwa "mmmm" m'masipika ndi mdani wathu wa tsiku ndi tsiku. Pickup yogawika pawiri imene Fender anaika pa Precision Bass mu 1957 imathetsa phokoso lambiri lotere, chifukwa magawo awiriwo amafafanizirana. Ndimamatanso kopa kapena aluminiyamu m'mabowo onse a mawaya.

Pa nkhani ya matabwa anthu amatsutsana kwambiri, koma ine maganizo anga ndi awa: pa gitala yamagetsi thabwa la thupi limasintha kulemera koposa mmene limasinthira mawu. Paini wa ku Chikangawa wouma bwino amapanga thupi lopepuka labwinobwino, kungoti sachedwa kubonyoka akagundidwa pa njinga yamoto. Mbawa ndi yokongola, ndipo ndi mtengo umene mafakitale a magitala kunja amaugula pansi pa dzina la African mahogany. Pamene sindinyengerera ndi pa khosi. Nsambo zinayi zikamangidwa zimakoka ndi mphamvu yoposa makilogalamu 70, usana ndi usiku, chaka chonse. Khosi limafuna thabwa lowongoka mitsempha, losasinthasintha ndi nyengo, ndipo mlombwa pa zimenezi ndi mfumu. Mkati mwake timaikamo ndodo yachitsulo yokhala ndi nati, yoti tizikunga kapena kumasula khosi likayamba kupindika. Thabwa la dzulodzulo la pamsika, lonyowa mkati, silingagwire ntchito imeneyi ngakhale likongole bwanji. Ndipo aliyense wodutsa m'mbali mwa nkhalango ya Perekezi waona matumba a makala ndi zitsa. N'chifukwa chake ndimafunafuna zitseko zakale, mafelemu a mabedi ndi mabenchi othyoka a mlombwa. Thabwa limene lakhala m'nyumba zaka makumi atatu linamaliza kale kupindika kwake, ndipo palibe mtengo wina umene wagwa chifukwa cha ine.

Besi ya tchalitchi ili ndi vuto lakelake: amalipira ndi a komiti, koma oimba ndi atatu kapena anayi. Wina amamenya ndi chala chachikulu ndipo amafuna nsambo zotalikirana, mamilimita 19 pa buliji. Wina amathamangitsa zala ngati oimba rumba ya ku Congo, ndipo amafuna khosi lopyapyala la mamilimita 38 pa nati, ngati la Jazz Bass ya mu 1960. Sungawakondweretse onse. Ndimadula chitsanzo cha pulayiwudi, n'kumangirira lamba, aliyense achikoleke aimirire nacho. Khosi lenileni ndimalisiya lonenepa dala, ndipo tsiku lolisema ndimawaitana akhale pomwepo. Ndimapala pang'ono, n'kupatsira mmodzi agwire, n'kupalanso. Akasemphana ndimatsatira wa dzanja laling'ono, chifukwa wa dzanja lalikulu amatha kuzolowera khosi lopyapyala, pamene mnzakeyo sangatalikitse zala.

Ndinenenso chilungamo pa za mtengo. Nsambo, makiyi, waya wa mafureti ndi ma pickup sitipanga kuno. Zimabwera kuchokera ku Lilongwe, ku Mzuzu, kapena ndi matransipota a ku Joni. Mukaphatikiza zonsezi ndi ntchito ya manja, besi yopangitsa siitchipa kuposa ya m'sitolo yochokera ku China. Ambiri amene amabwera kudzapangitsa yatsopano ndimawabweza ndi yakale yomwe, nditawongola khosi, kusalaza mafureti ndi kutsitsa nsambo kufika pa mamilimita awiri ndi theka pamwamba pa fureti ya 12 ku nsambo yaikulu, ndi awiri ku yaing'ono. Kupangitsa kumayenera munthu amene waimba kale mokwanira moti akudziwa chimene chikumusowa.

Amene wapangitsa ndimamuuza kuti abwerenso kawiri. Koyamba ndi mu Okutobala, kukauma, pamene thabwa limanyala ndipo nsonga za mafureti zimatuluka m'mbali n'kumakanda zala. Timazipala ndi fayilo. Kachiwiri ndi mu Januwale, mvula itakhazikika, pamene khosi lamwa chinyezi ndipo nsambo zasintha msinkhu wake. Timatembenuza nati ya ndodo ija pang'ono, osapitirira kota, n'kudikira tsiku limodzi tisanayezenso.