Inshuwalansi ya galu wa kwa Nazombe ndi katemera

Kukacha kwa T/A Nazombe m'boma la Phalombe, ana akamapita kusukulu, agalu amakhala akubwerera pakhomo atagwira ntchito usiku wonse. Ena amalondera khola la mbuzi, ena nkhokwe, ndipo a m'midzi ya m'mphepete mwa phiri amathandiza kupirikitsa anyani m'minda. Nawo amphaka amalimbana ndi makoswe ofuna kuboola matumba a chimanga ndi nandolo.

Malipiro a antchito amenewa ndi mkute wa nsima ndi mitu ya usipa. Koma akadwala, ndani amalipira mankhwala?

Kumaiko a azungu funso limeneli adaliyankha ndi inshuwalansi. Mwini galu kapena mphaka amapereka ndalama kukampani mwezi ndi mwezi, ndipo chiwetocho chikathyoka mwendo kapena chikafunika opaleshoni, kampaniyo imabweza gawo lalikulu la ndalama zimene dokotala wa ziweto walipiritsa. M'dziko la Sweden galu woyamba adalembetsedwa pa inshuwalansi mu 1924. Ku Britain zidayamba mu 1947, pomwe ku America zidafika mu 1982 ndipo woyamba kulembetsedwa adali Lassie, galu wotchuka wa pakanema.

Komatu ngakhale kumeneko si onse amene amapindula nayo. Makampani ambiri salipira matenda amene chiweto chidali nawo kale chisadalembetsedwe, ndipo kawirikawiri katemera ndi mankhwala a utitiri mwini wake amagulabe yekha. Galu akamakalamba, ndalama ya pamwezi nayo imakwera. Inshuwalansiyi imathandiza pomwe pali chipatala cha ziweto chapafupi, chokhala ndi zipangizo zodula, komanso pomwe munthu amalandira ndalama mwezi ulionse.

Kwa Nazombe zinthu n'zosiyana. Mlimi amagwira ndalama akagulitsa nandolo, mpendadzuwa kapena fodya, ndipo ndalamayo imadikiriridwa ndi fetereza, fizi ndi chigayo. Thandizo la ziweto limene amalidziwa ndi la mlangizi wa boma. Kumuuza kuti azilipirira galu mwezi ndi mwezi, pomwe iye ndi ana ake alibe inshuwalansi ya kuchipatala, n'kumuseka.

Koma izi sizikutanthauza kuti umoyo wa galu ulibe ntchito. Ngozi yaikulu pakhomo la kumudzi ndi chiwewe, ndipo amene amalipira mtengo wake ndi anthu.

Malinga ndi bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO, chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse, ambiri mwa iwo mu Africa ndi Asia. Mwa anthu 100 alionse ogwidwa ndi matendawa, mpaka 99 amawatenga kwa galu, ndipo anayi mwa khumi alionse ndi ana osakwana zaka 15. Ana ndiwo amasewera ndi tiagalu, ndipo akalumidwa kapena kukandidwa pang'ono amabisa poopa kukalipiridwa.

Kachirombo ka chiwewe kamakhala m'malovu. Kakalowa pabala kamayenda pang'onopang'ono m'mitsempha kulowera kuubongo, nthawi zambiri kwa miyezi iwiri kapena itatu. Bala limatha kupola, banja n'kuiwala. Koma zizindikiro zikangoyamba, monga kuopa madzi, kubalalika mutu ndi kuchucha dovu, palibenso mankhwala. Wodwalayo amamwalira, ndipo pamaliro ena amayamba kulozana zala kuti pali amene walodza.

Chomvetsa chisoni n'chakuti njira yopewera imfa zotere idapezeka kalekale. Mu 1885 katswiri wa ku France, Louis Pasteur, adapulumutsa mnyamata wa zaka 9, Joseph Meister, pomubaya katemera atalumidwa ndi galu wachiwewe. N'chifukwa chake kuyambira mu 2007 dziko lapansi limakumbukira za matendawa pa 28 Sepitembala, tsiku limene Pasteur adamwalira.

Kuno kwathu umboni ulipo. Madokotala a pachipatala cha Queen Elizabeth atadandaula ndi imfa za ana ogwidwa chiwewe, bungwe la Mission Rabies lidayamba kubaya agalu mumzinda wa Blantyre mu 2015 mogwirizana ndi nthambi ya boma yoona za ziweto. M'masiku 20 okha agalu oposa 35,000 adalandira katemera. Ntchitoyi idafikanso ku Chiradzulu ndi Zomba, ndipo chiwerengero cha ana ofika kuchipatalako ndi chiwewe chidatsika kwambiri.

Akatswiri amati agalu 70 mwa 100 alionse m'dera akabayidwa, matendawa amasowa podutsa. Apa ndiye katemera amafanana ndi inshuwalansi: aliyense akaponyapo gawo lake, mudzi wonse umatetezeka. Kwa Nazombe, komwe ndi kufupi ndi malire a Mozambique, nkhaniyi ndi yofunika zedi poti galu sadziwa malire.

Tsono mwini galu achitenji? Choyamba, akamva kuti alangizi a ziweto akubaya katemera, atenge galu ndi mphaka wake chaka ndi chaka, ndipo asunge chiphaso. Chiphasocho n'chimene chimamuombola galu akaluma mwana wa mnansi. Mphekesera zakuti galu wobayidwa amasiya ukali kapena kusaka n'zabodza.

Chachiwiri, apatule kangachepe, ngakhale kubanki mkhonde, kogulira mankhwala a njoka za m'mimba, utitiri ndi nkhupakupa. Kufula agalu kumachepetsanso tiana tosowa mwini toyendayenda m'misika.

Chachitatu, munthu akalumidwa, bala litsukidwe ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenaka athamangire kuchipatala tsiku lomwelo, osayamba kaye kuthira zitsamba. Jakisoni wake amabayidwa kangapo pamasiku osiyana ndipo ayenera kumalizidwa. Galu wolumayo amangidwe, alangizi adziwitsidwe kuti amuyang'anire kwa masiku 10.

Maulendo a kuchipatalawo amadya ndalama za kabaza ndi masiku a kumunda, kuposa kutali ulendo umodzi wopita ndi galu kokabayitsa. Maiko adagwirizana zothetsa imfa za chiwewe chochokera kwa agalu pofika 2030. Akuluakulu adati walira mvula walira matope. Wofuna mlonda wa miyendo inayi pakhomo avomerenso kumugwira chingwe tsiku la katemera.