Mawu a "hand over" ndi ntchito yake m'boma: zitsanzo za ku Chia

CHIA, Nkhotakota — Mawu a Chingerezi oti "hand over" amamveka pafupifupi tsiku lililonse m'maofesi a boma, pa misonkhano ya chitukuko ndiponso m'makalata a ntchito. Komabe womasulira akaima pamaso pa anthu akumudzi amakhala ndi mawu angapo a Chichewa oti asankhepo, ndipo mawu amene iye wasankha ndi amene amatsala m'mitu ya anthu akuluakulu aja atabwerera ku Lilongwe.

Mawuwa ndi mneni wopangidwa ndi zigawo ziwiri. "Hand" palokha ndi dzanja, kapena kupatsira chinthu pamanja, pomwe "over" limaonetsa kuti chinthucho chachoka mbali ina kupita mbali ina. Akaphatikizana amatanthauza kupereka chinthu, munthu kapena udindo m'manja mwa wina. Mfundo imene ambiri saigwira ndi yakuti kuchokera pa nthawi imeneyo, wolandira uja ndiye amayankha pa chinthucho.

Ku Chia mfundoyi imaoneka bwino. Nyanja yaing'ono ya Chia ili kum'mwera kwa boma la Nkhotakota, ndipo imalumikizana ndi nyanja ya Malawi kudzera pa khwawa lomwe msewu wa M5 umaoloka pa mlatho. Mitsinje yothira m'nyanjayi imachokera kumtunda, cha ku Ntchisi, kotero mitengo ikatha kumtundako dothi limakokoloka ndi kudzakwirira malo oswanirana nsomba. Ndi chifukwa chake derali lakhala likulandira ntchito za chitukuko, kuphatikizapo ija ya m'zaka za m'ma 2000 yoteteza madera ozungulira nyanjayi, yomwe bungwe la Total LandCare linagwira ndi thandizo la USAID. Ntchito iliyonse yotere imakhala ndi tsiku lake lothera, ndipo pa tsikulo mawu a "hand over" sasowa pa ndondomeko ya mwambo.

Mwachitsanzo, mlendo wolemekezeka akanena kuti "we are handing over this borehole to the community", womasulira angathe kunena kuti "tikukupatsani mjigowu". Sanalakwe kwenikweni, koma mawu oti kupatsa amamveka ngati mphatso, ndipo mphatso ikaonongeka anthu amayang'ana kumsewu kudikira yemwe anaipereka. Mawu oyandikira kwambiri ndi "kusiyira" kapena "kupereka m'manja mwa". Munthu wosiyiridwa munda amadziwa kuti kulima ndi kupalira zili kwa iye. Chimodzimodzi komiti ya mjigo ikauzidwa kuti yasiyiridwa mjigo, imamva kuti msonkhamsonkha wogulira zipangizo, kusesa pamjigo ndi kuitana wokonza ndi ntchito yake. Mijigo ina imene yangokhala osagwira ntchito m'midzi inafera pa kusamvana kumeneku.

Tanthauzo lachiwiri ndi kupereka mphamvu kapena ulamuliro. Lamulo loona za nsomba la chaka cha 1997 linatsegula njira yoti asodzi, kudzera m'makomiti a m'madooko omwe amadziwika kuti ma BVC, atengepo mbali posamala nsomba. M'chaka cha 1998 boma linavomereza ndondomeko ya mphamvu ku anthu ndipo Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo la maboma aang'ono. Zonsezi m'Chingerezi zimatchedwa "handing over powers". Apa womasulira ayenera kufunsa kaye kuti ndi mphamvu ziti zimene zaperekedwa, pakuti komiti yopatsidwa mphamvu yoyendera dooko sinapatsidwe mphamvu ya bwalo la milandu. Tanthauzo lomweli ndi limene limagwiritsidwa ntchito pofotokoza za pa 6 Julaye 1964, pamene Angerezi anapereka ulamuliro kwa Amalawi, za mu Meyi 1994, pamene Dr Hastings Kamuzu Banda anasiyira utsogoleri a Bakili Muluzi, komanso za pa 1 Julaye 1997, pamene dziko la Britain linabwezera Hong Kong ku China.

Palinso kupereka munthu kapena katundu kwa akuluakulu a lamulo. M'miyezi ya Novembala ndi Disembala, pamene makoka ena amaletsedwa kuti chambo chiswane, komiti ingathe kupeza msodzi ali ndi ukonde wosaloledwa kapena neti ya udzudzu. Lipoti likati "the net was handed over to the fisheries office", ndiye kuti ukondewo sukuyenera kupezekanso kuseri kwa nyumba ya wapampando wa komiti. Lipoti labwino limatchula tsiku, amene anapereka ndi amene analandira. Woganiziridwa mlandu naye amaperekedwa m'manja mwa apolisi ndi mawu omwewa.

Pa misonkhano mawuwa amapepuka. Woyendetsa mwambo akati "I now hand over to the District Commissioner", sakupereka katundu aliyense, akungopereka mpata kwa bwanamkubwa kuti ayankhule.

Kwa ogwira ntchito m'boma, malo amene mawuwa amalemera kwambiri ndi pa nthawi ya kusamutsidwa. Wosamuka amayembekezereka kulemba "handover notes", chikalata chofotokoza ntchito zimene zili mkati, mafayilo, makiyi, njinga yamoto, ngongole za ofesi ndi malonjezo amene anaperekedwa kwa mafumu. Wolowa m'malo amachita "take over", ndipo ziwirizi zimayendera limodzi: wina akamatula katundu, wina amasenza. Chikalatachi chikalembedwa mothamanga, mizere itatu yokha pa tsiku lokweza katundu m'lole, mlangizi watsopano amatha miyezi akufunsa asodzi zinthu zomwe anayenera kuziwerenga pa tebulo lake. Ofufuza za chuma cha boma akadzabwera, amafunsa amene anasaina kuti walandira, ngakhale katunduyo anasowa iye asanafike.

M'kalembedwe muli zinthu ziwiri zofunika kusamala. Mneni amalembedwa motalikirana, "hand over", pomwe dzina la mwambowo kapena la chikalata limalembedwa pamodzi, "handover". Chachiwiri, dzina la chinthu lingathe kubwera pakati kapena kumapeto, monga "hand the keys over" ndi "hand over the keys", koma mlowam'malo wa dzina amakhala pakati basi. Cholondola ndi "hand it over", ndipo "hand over it" ndi cholakwika.

Mawu ena oyamba ndi "hand" amasokoneza alembi ambiri. "Hand in" ndi kupereka chinthu kwa akuluakulu amene akuchiyembekezera, monga lipoti la pamwezi kapena kalata yotula pansi udindo. "Hand out" ndi kugawa kwa anthu ambiri, monga mbande za mitengo kwa alimi a m'mphepete mwa mitsinje, ndipo dzina lake, "handout", nthawi zambiri limamveka monyoza ngati zaulere. "Hand down" ndi kusiyira mbadwo wotsatira, monga luso losema bwato, komanso ndi mawu amene amanenedwa woweruza akamapereka chigamulo. Kalaliki wa khonsolo akalemba mu maminitsi kuti mbande zinachitidwa "hand out" pamene nazale yonse inachitidwa "hand over" kwa komiti ya zachilengedwe ya m'mudzi, maminitsiwo sadzasonyeza amene ayenera kuthirira mbandezo m'mwezi wa Okutobala.