Okonza Njira za Njinga M'mapiri

M'zaka za m'ma 1980, oyang'anira nkhalango ku California, m'dziko la America, anayamba kutseka njira za m'mapiri, ati njinga zikugumula dothi ndi kuopseza oyenda pansi. Poona izi, magulu a okwera njinga anakhazikitsa bungwe la IMBA mu 1988, nalimbikitsa anzao kukonza njirazo popanda malipiro.

Mdani wamkulu wa njira yotere ndi madzi a mvula. Akatsata njira, amakokolola dothi nasiya chigwembe. Motero odziperekawo amatenga makasu ndi mafosholo, nasema njirayo mopendekera kumunsi pang'ono kuti madzi azidutsa mopingasa. Amachotsanso mitengo yogwa ndi kukwirira maenje.

Paja mutu umodzi susenza denga: oyendamo akaleka kuisamala, njira imatsekedwa.