Gudumu lalikulu kapena laling'ono: la m'mapiri ndi liti?

Ana inu, tayang'anani m'mbali mwa tayala la njinga. Pali manambala, eti? Pa njinga za m'mapiri mumapeza 26, 27.5 kapena 29. Amenewa ndi mainchesi, ndipo akunena kutalika kwa gudumu kuchokera pansi mpaka pamwamba, tayala lili lopopa. Inchi imodzi ndi masentimita 2.54, choncho gudumu la 29 limafika pafupifupi masentimita 74.

Masewera otsetsereka mapiri pa njinga anayambira ku California, m'dziko la America, m'zaka za m'ma 1970. Anyamata monga Joe Breeze ndi Gary Fisher ankatola njinga zakale zamatayala onenepa n'kumatsika nazo phiri la Tamalpais, fumbi lili koboo. Njingazo zinali za 26, ndipo kwa zaka zoposa 20 pafupifupi aliyense ankakwera saizi imeneyo. Kenaka kunabwera 29, pambuyo pake 27.5, mkangano n'kubuka pakati pa okwera njinga.

Akukanganiranji? Takankhani wilibala pamwala. Kagudumu kake kamagunda n'kuima njii, pomwe ngolo ya ng'ombe imangodutsa pamwala womwewo. Gudumu likakula, mwala umaligunda chapansi, ndiye limangoukwera. N'chifukwa chake okonda 29 amati njinga yawo sigwedeza kwambiri pamiyala ndi pamizu ya mitengo, ndipo ikatenga liwiro sichedwa kufika. Koma gudumu lotere limalemererako, limavuta kuliyambitsa, komanso pangodya yothina limakhota mwaulesi. Palinso vuto lina loseketsa: munthu wamfupi akamatsika potsetsereka kwambiri amasunthira kumbuyo kwa chishalo, tayala lalikulu lija n'kumupala matako!

Gudumu laling'ono ndi lopepuka, limakhota msanga, ndipo okonda kudumpha salisiya. Ena, pofuna zonse ziwiri, amaika 29 kutsogolo ndi 27.5 kumbuyo. Bungwe loyendetsa mipikisano ya njinga padziko lonse, la UCI, linavomereza kusakaniza kotereku mu 2019.

Gudumu si lokhalo limene anthu amasiyanirana. Wina amafuna hendulo yotambalala, mpaka masentimita 80, kuti njinga isamuzembe pamiyala, pamene mnzake amaidulako kuti azidutsa pakati pa mitengo. Mpweya nawo: tayala lofewa pang'ono limagwira dothi bwino, koma mukalifewetsa kwambiri mwala umatsina chubu, basi chaphulika. Koma inu ana, njinga zanu ndi za 20 kapena 24. Musakakamire njinga ya achimwene ngati phazi silikufika pansi.

Mukadzaona njinga ya kabaza yolembedwa 28 x 1½, musadzaipeputse. Limu yake ndi mamilimita 635, pomwe ya njinga ya m'mapiri ya 29 ndi mamilimita 622 okha. Ya m'mapiriyo imaiposa kutalika chifukwa cha kunenepa kwa tayala lake basi.