Chotchipa ndi Cholimba: Kagulidwe ka Zipangizo za Galimoto Kumadzulo kwa Lilongwe

Amalume anga ali ndi kagalimoto kotsegula kumbuyo kamene kamadyetsa banja lonse. Nthawi yokolola kamatuta mtedza, soya ndi chimanga m'midzi ya ku Nsaru ndi kwa Kabudula, ndipo masiku a msika kamanyamula mavenda pamodzi ndi katundu wawo. Chaka china bering'i ya tayala lakutsogolo itayamba kulira, iwo adakagula ina pa kasitolo kena ka pafupi, pamtengo wosafika ngakhale theka la umene adawauza m'tauni. Adabwerera kunyumba akumwetulira. Patangotha milungu itatu, galimoto ija idaima pakati pa njira itasenza matumba a mtedza, gudumu litatentha moti sukadaligwira ndi dzanja. Adalipira ngolo ziwiri zoti zipulumutse katundu wa eniake, adalipira mnyamata wolondera galimoto usiku, adalipiranso makaniko kachiwiri, kenaka n'kukwera minibasi kukagula bering'i yomwe ija adaikana poyamba.

Nkhani yotereyi si yachilendo kwathu. Chimangirizo chino chikuunika momwe munthu wokhala kumadzulo ndi kumpoto kwa boma la Lilongwe angasiyanitsire masitolo ogulitsa zipangizo za galimoto ndi njinga zamoto, zomwe ambiri timangoti masipeya, poyang'ana mtengo komanso kulimba kwa katunduyo. Sinditchula dzina la sitolo iliyonse, chifukwa sitolo imodzi yomweyo imatha kusunga katundu wabwino ndi woipa pa shelefu imodzi, ndipo amene wogula atenge zimadalira kwambiri mawu amene anenedwa pakauntala.

Munthu wa kudera lino ali ndi malo angapo ogulako. Pa Mpingu, pa Msundwe ndi pa Namitete, m'mbali mwa msewu wa M12 wochokera ku Lilongwe kupita ku Mchinji, pali timasitolo tambiri ta masipeya, ndipo n'chimodzimodzinso pa Nsaru, kwa Kabudula ndi ku Nambuma. Timasitoloti tidachuluka limodzi ndi njinga zamoto za kabaza, n'chifukwa chake katundu wodzadza m'menemo ndi mapulagi, matcheni, masipoketi, machubu, zingwe za kilatchi ndi oyilo. Za galimoto zimapezeka zochepa chabe, monga mafyuluta, mababu ndi malamba. Wofuna chipangizo chachikulu amayenera kupita m'tauni: ku Malangalanga kumene kuli masitolo ondondozana a zipangizo zatsopano, kwa Biwi kumene kuli magalaja ndi zipangizo zomasulidwa ku galimoto zina, kapena kwa amene adapatsidwa chilolezo ndi kampani yopanga galimotoyo. Namitete ali pafupifupi pakatikati pa ulendo wa ku Mchinji, choncho kwa munthu wa kumeneko kupita m'tauni ndi kubwerako ndi tsiku lathunthu. Ndalama yokwerera ndi tsiku lotayikalo ndi gawo la mtengo wa chipangizocho, ngakhale sizilembedwa pa lisiti.

Monga wophunzira za chiyankhulo, chimene chimandikopa kwambiri ndi mawu amene amamveka pa malondawa. Wogula akafunsa kuti, "Kodi iyi ndi orijino?" wogulitsa sayankha kawirikawiri kuti inde kapena ayi. Amati, "Iyi ndi ya ku Japan, bwana." Kamawu kakuti "ya" m'chiganizochi kasenza matanthauzo atatu. Chipangizocho mwina chidapangidwa ku Japan, mwina chidamasulidwa ku galimoto yochokera ku Japan, mwinanso chidapangidwa kwina kulikonse kuti chizilowa ku galimoto za ku Japan. Wogula amamva tanthauzo loyamba, pamene wogulitsa, zinthu zikavuta, amathawira ku lachitatu. Liwu lina lotere ndi lakuti "imalowa". N'zoona kuti imalowa, koma kulowa ndi kukhalitsa ndi zinthu ziwiri zosiyana. Katswiri wina wa za matanthauzo, Paul Grice, adafotokoza mu 1975 kuti womvera amatola zambiri kuposa zomwe woyankhula wanena, poganiza kuti mnzakeyo akuyankha funso lomwe wafunsidwa. Wogulitsa wochenjera amadyera pomwepo: sanama, koma amakusiya udzinamize wekha. Tionenso kuti liwu lakuti "kutchipa" tidachita kubwereka, pamene "kudula" ndi lathulathu, ndipo limanenanso za kucheka chinthu ndi mpeni. Amene adagulapo chipangizo kwa mwini chilolezo akudziwa chifukwa chake.

Kuti tiyerekeze masitolo mwachilungamo, tiyenera kudziwa kaye kuti katundu amene amagulitsa sali wa mtundu umodzi. Pali zipangizo zobwera m'bokosi la kampani yopanga galimoto, mwachitsanzo Toyota kapena Nissan, zomwe ndi zodula koposa. Koma makampani amenewa sapanga okha zipangizo zonse. Toyota imagula mapulagi ndi zida zambiri zamagetsi kwa Denso, makilatchi ndi mapampu a madzi kwa Aisin, ndipo pali makampani ena odziwika monga NGK wa mapulagi, KYB wa mashoko, NSK ndi Koyo a mabering'i. Makampaniwa amagulitsanso katundu wawo m'mabokosi awoawo, pamtengo wotsikirapo, ndipo apa ndi pamene munthu wosamala ndalama amapindula kwenikweni. Pansi pa amenewa pali zipangizo zotchipa za mayina osadziwika, zambiri zochokera ku China ndi ku India, zomwe sizibisa chomwe zili. Zina mwa izo ndi zabwino ndithu, ndipo si nzeru kunyoza chilichonse chochokera ku China, poti njinga zamoto zambiri zomwe zikutinyamula, monga Lifan, zidapangidwa komweko.

Choopsa ndi katundu wachinyengo, uja timati feki: chipangizo chotchipa chovekedwa bokosi ndi dzina la kampani yodziwika. Apa ndiye chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Chotchipa chosabisa dzina umachigula ukudziwa kuti sichikhalitsa, ndipo umachiyang'anira. Chachinyengo umachilipira ndalama zambiri n'kuchikhulupirira, mpaka tsiku lomwe chidzakugwetse. Chizindikiro chake choyamba ndi mtengo womwewo. Ngati pulagi yolembedwa NGK ikugulitsidwa pamtengo wofanana ndi yopanda dzina, pali china chake. Zilembo zofufutika pabokosi, mawu achingerezi olembedwa molakwika, chitsulo chopepuka kuposa chakale chomwe wachotsa, mazinga a pulagi okhakhala, zonsezi zimaulula.

Mtundu wotsiriza ndi wa kaunjika, zipangizo zomasulidwa ku galimoto zakale kapena zochita ngozi. Popeza galimoto zambiri m'dziko muno zidabwera zitagwirako kale ntchito ku Japan, kudzera pa doko la Dar es Salaam ndi pa chipata cha Songwe, msika wa zipangizo zoterezi ndi waukulu. Chitseko, nyali, sitata, alutaneta ngakhale giyabokosi ya kaunjika imatha kuposa yatsopano yotchipa, chifukwa idapangidwa ndi eniake a galimotoyo. Koma mapadi a mabuleki, mafyuluta, malamba ndi chilichonse chamalabala si zogula pa kaunjika. Matayala nawo amafuna diso. Pambali pa tayala pamakhala nambala zinayi zosonyeza mlungu ndi chaka chomwe lidapangidwa, moti 2319 ikutanthauza mlungu wa 23 m'chaka cha 2019. Tayala likhoza kukhala ndi mapanga akuya koma labala wake atakalamba. Ena mwa matayala obwera ndi galimoto za ku Japan adapangidwira nyengo ya chipale, ndipo labala wake wofewa sachedwa kutha pa phula lotentha la mwezi wa Okutobala.

N'chifukwa chiyani mitengo imasiyana chonchi, ngakhale pa katundu wofanana? Pafupifupi zipangizo zonsezi zimachokera kunja ndipo zimagulidwa ndi ndalama zakunja. Kwacha idagwetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti m'mwezi wa Meyi 2022, n'kugwetsedwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo m'zaka zimenezi madola adasowa m'mabanki moti amalonda ambiri ankawagula pamsika wamseri pamtengo wokwera. Wamalonda amene adaoda katundu wake kale ndi amene waoda posachedwa sangagulitse mofanana. Komanso wa pa Nambuma kawirikawiri amapikula kwa wa m'tauni, n'kuikapo phindu lake ndi ndalama yoyendera. Akaona kuti anthu ake sangakwanitse chipangizo cholimba, amangooda chotchipa chokhachokha. Si kuti ndi wakuba. Akugulitsa zomwe zimayenda malonda, ndipo sangamangirire mpamba wake wochepa pa katundu woti akhala pa shelefu chaka chonse.

Mtengo weniweni wa chipangizo umaoneka tikawerengera nthawi yomwe chagwira ntchito. Tiyerekeze, ndipo nambalazi ndi zongoyerekezera, kuti bering'i yotchipa ndi K15,000, yolimba ndi K40,000, makaniko amalipiritsa K10,000 pa ulendo uliwonse, ndipo kupita m'tauni n'kubwerako ndi K12,000. Yolimba ikatha chaka, mwini galimoto wawononga K62,000. Yotchipa ikamatha miyezi iwiri yokha, pa chaka agula kasanu n'kamodzi, zomwe ndi K150,000, osawerengera masiku omwe galimoto yakhala pa majeke. Komabe masamu amenewa ali ndi malire ake. Mnyamata wa kabaza amene tcheni yamudukira m'mawa, ali ndi ndalama ya dzulo lokha m'thumba, ndipo mwini njinga akudikira yake madzulo, sangauzidwe za phindu la pa chaka. Iye akugula tsiku la lero. Kumuseka kuti sadziwa kuwerengera n'kusadziwa umphawi.

Chomwe chingamuthandize ndi kudziwa pamene angatchipitse ndi pamene sayenera kutero. Galasi loonera kumbuyo, babu, chivundikiro cha mpando kapena hutala zikafa, palibe amene wavulala. Mabuleki, mabering'i a magudumu, zida za chiwongolero ndi matayala zikafa, galimoto ya matola yodzadza anthu imathera kuchipatala cha St Gabriel's ku Namitete kapena ku Kamuzu Central. Pakati pa ziwirizi pali zipangizo zina zooneka zopepuka koma zoteteza chinthu chodula, ndipo zenizeni ndi mafyuluta. Misewu yolowera m'midzi ya kwathu ndi yafumbi kuyambira Meyi mpaka mvula itagwa. Fyuluta ya mpweya yokhala ndi pepala lopyapyala, kapena yosakhala bwino m'malo mwake, imalola fumbilo kulowa mu injini, ndipo fumbi likasakanikirana ndi oyilo limapala zitsulo pang'onopang'ono ngati mchenga wokwechera mapoto. Mwini galimoto saona kanthu kwa miyezi, kenaka injini imayamba kufuka ndi kumwa oyilo. Wapulumutsa ndalama yogulira nkhuku n'kutaya yogulira ng'ombe. Oyilo woyezedwa m'mabotolo osamata pamsika ali ndi vuto lomweli, poti palibe njira yodziwira chomwe chili m'katimo.

Tsono sitolo yabwino tingaidziwe bwanji? Ine ndimaona kuti poyambira ndi mafunso amene wogulitsa amakufunsa. Ukanena kuti ukufuna mapadi a Probox, wodziwa ntchito yake amafunsa nambala ya chassis yolembedwa mu bulubuku, chifukwa galimoto za dzina limodzi zimasiyana malinga ndi chaka komanso injini. Probox yakale ina ili ndi injini ya 1NZ, ina ya 2NZ. Amene wangotembenuka n'kutenga bokosi osafunsa kanthu akulosera. Mabering'i ali ndi nambala zawo zodziwika padziko lonse, monga 6301 kapena 6202, ndipo matcheni a njinga zamoto zing'onozing'ono zambiri ndi a nambala 428, choncho kupita ndi chipangizo chakale m'manja kumachotsa mikangano yambiri. Wogulitsa woona mtima amakuikira mitundu iwiri kapena itatu pakauntala, n'kukuuza mtengo wa uliwonse ndi kumene wachokera, ndipo salimbalimba ukafuna kutsekula bokosi.

Kenaka pali nkhani ya lisiti ndi kubweza katundu. M'masitolo ambiri mumapachikidwa chikalata chonena kuti katundu akagulidwa sabwezedwa, ndipo ambiri timachilemekeza ngati lamulo. Bungwe la Competition and Fair Trading Commission lakhala likuchenjeza amalonda kuti zikalata zoterezi sizimuchotsera wogulitsa udindo pa katundu wowonongeka. Dziko lino lili ndi lamulo loteteza ogula la mu 2003, komanso lamulo latsopano loona za mpikisano ndi chilungamo pa malonda la mu 2024, pamene ntchito yoyeza ubwino wa katundu ili m'manja mwa Malawi Bureau of Standards. Kunena zoona, munthu wa kwa Kabudula sangakwere ulendo kukadandaula za pulagi imodzi. Koma lisiti lolembedwa dzina la chipangizo, nambala yake ndi tsiku limasintha kayankhulidwe ka wogulitsa ukabwerera, ndipo apa kasitolo ka pafupi kamaposa ka m'tauni: mwini wake mumakumana naye kumaliro ndi kutchalitchi, sangakukane pamaso.

Munthu womaliza pa nkhaniyi ndi makaniko. Iye ndiye amaona zipangizo zikamafa, ndipo amadziwa sitolo imene katundu wake amabwereranso kugalaja msanga. Safunsa adadya phula. Komabe si chinsinsi kuti amakaniko ena amalandira kangachepe kwa ogulitsa akawabweretsera kasitomala, ndipo ena ukawapatsa ndalama ya chipangizo cholimba amagula chotchipa, yotsalayo n'kulowa m'thumba. Amalume anga tsopano amapita naye limodzi makaniko wawo kukagula, ndalama amapereka okha, ndipo ntchito ikatha amaitanitsa bokosi pamodzi ndi chipangizo chakale chomwe chachotsedwa. Mababu ndi magalasi amagulabe pa kasitolo kaja ka pafupi, ndipo mwini wake amapatsana naye moni bwinobwino. Mabering'i ndi mapadi amagula m'tauni nthawi yomwe agulitsa mtedza, awiriawiri, n'kuwasunga m'chitini pansi pa bedi.