Mzinga woponya kutali sindiwo woswa malinga

Anthu akamva kuti ndimaphunzitsa mbiri ya zida za nkhondo, amathamangira kufunsa kuti mzinga wamphamvu kuposa yonse unali uti. Ine ndimati, mphamvu yake iti, yoponya kutali kapena yoswa? Ziwirizi siziyendera limodzi. Onga womwewo umafikitsa kutali chipolopolo chopepuka, koma cholemera chimagwera pafupi. Ngakhale mwana wa legeni amazidziwa zimenezi.

Mzinga umene Ajeremani ankaombera mzinda wa Paris mu 1918 unali pa mtunda wa makilomita pafupifupi 120. Chipolopolo chinkakwera makilomita 40 m'mwamba n'kutha mphindi 3 chisanagwe, koma chinkalemera makilogalamu 106 okha. Mpope wa mzingawo unkaperepeseka msanga mkati, moti zipolopolo ankazilemba manambala, chilichonse chonenepa pang'ono kuposa chinzake, kuti aziponye motsatana. Akaponya pafupifupi 65, mpopewo ankauchotsa. Kulasa nyumba inayake mwadala kunali kosatheka, ankangolunjika mzinda wonse. Unapha anthu pafupifupi 250, ndipo pafupifupi 90 mwa iwo anafera m'tchalitchi cha Saint-Gervais pa Lachisanu Loyera. Nkhondo yokha sinasinthe.

Mzinga wotchedwa Schwerer Gustav, wopangidwa ndi kampani ya Krupp, unali chilombo china. Kukamwa kwake kunali masentimita 80, thupi matani 1,350, ndipo unkakhala pa njanji ziwiri zoyandikana. Chipolopolo chake cha matani 7 chinkafika makilomita 38 basi, koma ku Sevastopol mu 1942 chinaphulitsa nkhokwe ya zida imene inali mamita 30 pansi. Kuswa kwake n'zoona. Nanga mtengo wake? Anthu masauzande anayala njanji ndi kuulondera, kuomba kamodzi kunkadya nthawi yoposa theka la ola, ndipo pa nkhondo yonse ya mzindawo zipolopolo sizinakwane 50. Ndege zoponya mabomba zinali kale zikugwira ntchito yofanana mosavuta.

Nchifukwa chake ine ndimaloza mzinga wotchedwa Big Bertha wa 1914. Kukamwa masentimita 42, chipolopolo cha makilogalamu pafupifupi 800, mtunda wosapitirira kwenikweni makilomita 10. Pa kuponya kutali ndi wamng'ono kwa anzakewo, koma ankamupasula zigawo n'kumukoka pamsewu ndi mathirakitala, ndipo m'masiku ochepa anagumula malinga a konkire a ku Liège ndi Namur amene ankatsekereza njira. Pa mizinga itatuyi, wa Big Bertha wokha ndiwo unabweza ndalama zimene anaupangira.